Seva ikamachedwa, musathamangire kuwonjezera olowa

Kumapeto kwa mwezi malipiro akangolowa, pa kauntala timauzidwa mawu aja: "sisitimu yavuta, dikirani." Nthawi zambiri palibe makina omwe awonongeka. Database, momwe mumasungidwa maakaunti onse, yangolemedwa chifukwa anthu ambiri akuifuna nthawi imodzi.

Ichi n'chifukwa chake ife osamalira ma database timayesa seva, kompyuta yomwe database imakhalamo, isanayambe kutumikira anthu. PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsera database, imabwera ndi chida chake choyesera, pgbench. Chidachi chimapanga banki yongoyerekeza, nthambi iliyonse yokhala ndi maakaunti 100,000, kenako chimatumiza makasitomala ongoyerekezanso kuti aziika ndi kuchotsa ndalama. Mumayamba ndi kasitomala mmodzi, kenako 8, 32, 128, uku mukuyang'ana TPS, kuchuluka kwa ntchito zomwe zatheka pa sekondi imodzi. Poyamba nambalayo imakwera bwino. Ikafika pena imaima, ndipo mukapitiriza kuwonjezera anthu imayamba kutsika. Pamene yaimirapo ndi pomwe pali malire enieni a seva yanu. (Samalani pokonza mayesowa: mukapanga nthambi imodzi yokha n'kutumiza makasitomala 50, onsewo amalimbirana mzere umodzi wa tebulo (ndandanda ya mu database) la nthambi, ndiye mwayesa kudikirana kwawo, osati mphamvu ya makina.)

TPS imatsikiranji? PostgreSQL imatsegula process (kapulogalamu koyenda pakokha) yakeyake kwa aliyense wolumikizana nayo, ndipo poyiika kumene imalola anthu 100. Akangoona uthenga wakuti olowa achuluka, ambiri amakweza max_connections, malire a chiwerengero cha olowa, kufika 1,000. Apa m'pomwe ndimadandaula. Makina a ma core 8 (tizigawo ta kompyuta togwira ntchito) amagwira ntchito 8 zokha panthawi imodzi. Zotsalazo zimangosinthana mpata, kudikirana pa mizere ya tebulo yomwe zinzake zatseka, ndipo iliyonse yomwe ikusanja zinthu ingatenge memory yakeyake mpaka 4MB, kapena kuposa ngati work_mem, malire a memory imeneyi, inakwezedwa. Mwini chigayo sathira matumba khumi nthawi imodzi poti anthu achuluka. Amawaimika pamzere, chigayo n'kumagaya pa liwiro lake, onse n'kupita kwawo msanga.

Mzere umenewu timaukonza ndi PgBouncer, pulogalamu yoima pakati pa olowa ndi database. Imalandira anthu mazanamazana panja, koma ku database imangotsegula njira zochepa, zomwe anthuwo amabwerekana aliyense akamaliza ntchito yake. PostgreSQL 14, yomwe inatuluka mu 2021, inapeputsako katundu wa olumikizana ambiri, komabe sinachotse kufunika kwa mzere.

Chinanso, musakhutire ndi avereji ya nthawi yodikira. Avereji ikhoza kuoneka yabwino pomwe ena ochepa akudikira masekondi ambiri, ndipo amenewo ndi omwe amaimba foni atakwiya. Lembetsani nthawi ya ntchito iliyonse, muone zochedwetsetsa. Kenako tsegulani pg_stat_statements, chida china cha PostgreSQL, ikuonetsani funso lotumizidwa ku database lomwe likudya nthawi yambiri. Si zachilendo kupeza kuti ndi funso limodzi losowa index (mlozera wothandiza kupeza zinthu msanga), lomwe limawerenga tebulo lonse pofuna akaunti imodzi. Konzani chinthu chimodzi, yesaninso ndi makasitomala omwewo, musanasinthe china kapena kupempha abwana ndalama zogulira seva yatsopano.