Njira ya Ponseti yowongolera mapazi opindika a ana: mafunso ndi mayankho

Mwa ana pafupifupi 1,000 obadwa, mmodzi amabadwa ndi phazi lopindikira mkati, chidendene chitakwera, zala zikuloza pansi. Pafupifupi theka la ana oterewa amakhala ndi vutoli kumapazi onse awiri. Madokotala ambiri a mafupa masiku ano amatsata njira ya malemu Dr. Ignacio Ponseti, amene ankagwira ntchito ku University of Iowa ku America. Njirayi ili ndi ndondomeko yake yowongola phazi ndi manja, kulimanga m'chikhakha, kenako n'kumuveka mwana nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo, ndipo gawo lalitali kwambiri lili m'manja mwa inu makolo.

Bwanji osangochita opaleshoni kamodzi n'kuthana nazo?

Kale ankachita zimenezo. Ponseti ataona anthu amene anachitidwa opaleshoni yaikulu ali ana, anapeza kuti ambiri akula ndi mapazi ouma, opweteka poyenda. Anafufuza mmene timafupa ta phazi timazungulirana, n'kuona kuti mitsempha ya khanda ndi yofewa, imatambasuka ikamakokedwa pang'onopang'ono. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1963, koma madokotala ambiri sanazitengere mtima. Mu 1995, ofufuza awiri, Cooper ndi Dietz, anayeza anthu amene anathandizidwa ndi njirayi zaka pafupifupi 30 m'mbuyomo, ndipo 78 mwa 100 alionse anali ndi mapazi ogwira ntchito bwino. Umboni wa zaka zambiri chotere ndi umene unathandiza kusintha maganizo a madokotala.

Kodi chikhakha chimamangidwa kangati?

Kamodzi pa mlungu, kawirikawiri kasanu mpaka kasanu ndi katatu. Dokotala amayamba wawongola phazi ndi manja mofatsa, kenako n'kumanga chikhakha kuyambira kuzala mpaka pantchafu, bondo litapindidwa kuti chisavuke. Chikhakha choyamba chimadabwitsa makolo ambiri, chifukwa phazi limaoneka ngati lapindika kuposa kale. Musataye mtima, dokotala amayamba dala kukweza mbali ya chala chachikulu kuti pansi pa phazi pawongoke kaye.

Kunyumba, yang'anani zala tsiku ndi tsiku. Zikazizira, zikatupa, zikasintha mtundu, kapena zikalowa mkati mwa chikhakha osaonekanso, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Akuti adula mtsempha wa kuchidendene. Si opaleshoni yomweyo imene tinkaipewa?

Ayi. Ana oposa 8 mwa 10 alionse amafunika zimenezi chifukwa mtsemphawo umakhala waufupi ndipo umakoka chidendene m'mwamba. Kabala kake ndi kakang'ono kwambiri, ndipo nthawi zambiri amangobaya mankhwala ochititsa dzanzi pamalopo. Chikhakha chomaliza chimakhala milungu itatu, ndipo panthawiyi mtsempha umalumikizananso uli wautali mokwanira.

Phazi lawongoka. Nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo n'zachiyaninso?

Apa m'pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri. Chikhakha chimawongola phazi, koma chimene chinalipinda sichinachoke, ndipo chimapitiriza kukoka mwana akamakula. Lamulo lake ndi ili: mwana avale nsapatozo maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu, kenako usiku ndiponso akamagona masana, mpaka atakwanitsa zaka 4 kapena 5. Nsapato ya phazi lomwe linapindika imatembenuzidwira kunja madigiri 60 mpaka 70, ya phazi labwino 30 mpaka 40.

Masiku oyamba ndi ovuta. Mwana amalira chifukwa akaponya mwendo umodzi winawo umamukoka, ndipo mayi akamuona chonchi pakati pa usiku, dzanja limathamangira kumasula zingwe. Pirirani. Gwirani chitsulocho, mupinde ndi kuwongola miyendo yonse iwiri pamodzi mukusewera naye, ndipo posakhalitsa amaphunzira kuponya yonse limodzi. Mukamuvula akalira, amazindikira msanga kuti kulira kumavula nsapato. Pomuveka, onetsetsani kuti chidendene chafika pansi m'nsapato musanamange lamba, ndipo mukaona matuza kapena malo ofiira osazilala, kaonetseni kuchipatala m'malo mongosiya kumuveka. Kafukufuku wochitidwa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza chinthu chimodzimodzi, kuti chifukwa chachikulu chimene phazi limabwererera kupindika ndi kusiya nsapatozi nthawi isanakwane.

Nanga likayambanso kupindika?

Amamanganso zikhakha zingapo n'kubwerera ku nsapato. Kwa mwana wamkulupo amene akuponda ndi m'mphepete mwa phazi poyenda, nthawi zina amasuntha mtsempha wina wa pamwamba pa phazi kuti uzikoka mowongoka.

Mwana wanga wayamba kale kuyenda. Kodi tachedwa?

Kuyamba m'milungu yoyamba atabadwa ndiko kwabwino, koma njirayi imathandizanso ana oyenda kale, ngakhale zikhakha zingachuluke. Pitani naye akamuone.

Adzathamanga ngati anzake?

Ambiri amathamanga, kusewera mpira ndi kuvala nsapato wamba popanda ululu. Phazi lomwe linapindika likhoza kukhala locheperako pang'ono ndipo katumba wa mwendowo woondako, choncho pogula nsapato muzimuyeza mapazi onse awiri.