Baibulo m'kalasi: mkangano wa BK unachokera kuti?

Sukulu zoyamba ku Kasungu ndi ku Mchinji sizinamangidwe ndi boma. Ku Kasungu anayambitsa ndi a mishoni ya Livingstonia, nthawi ya Dr George Prentice, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ntchitoyo anaisiya m'manja mwa a Dutch a ku Nkhoma. Ku Mchinji ansembe a White Fathers anatsegula Kachebere mu 1903. Kumudzi, mphunzitsi ndiye analinso mlaliki, ndipo kachisi wa Lamulungu ankasanduka kalasi Lolemba. Mwana ankaphunzira kuwerenga kuti awerenge Baibulo kapena katekisimu. N'chifukwa chake akuluakulu a dambwe ankakaniza ana kusukulu: ankadziwa kuti wolowa m'kalasi wausiya gule.

Boma la atsamunda linadzakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro mu 1926, mipingo itazika kale mizu. Mpaka lero sukulu zambiri zili ndi eni awiri: malo ndi dzina n'za mpingo, koma aphunzitsi amalandira malipiro ku boma, kuchokera ku msonkho wa aliyense, Msilamu ndi wagule yemwe. Mkangano wonse wagona pamenepa.

Unaphulika mu 2000, pamene unduna wa zamaphunziro unachotsa Bible Knowledge (BK) kusekondale n'kuikapo Religious and Moral Education (RME), phunziro lofotokoza Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo, kuphatikizapo nkhani za khalidwe. Mipingo inakana kwamtuwagalu. Ena ankati Pulezidenti Bakili Muluzi, pokhala Msilamu, akufuna kuchotsa Baibulo m'sukulu, ngakhale silabasiyo anaikonza ndi akatswiri a maphunziro. Muluzi anaimitsa kaye phunzirolo, ndipo atakambirana anagwirizana kuti maphunziro onse awiri akhalepo.

Pa pepala mgwirizanowu umaoneka wachilungamo, koma wosankha kawirikawiri si mwana kapena kholo. Sukulu ya mpingo imatsata zofuna za mwini wake. Ya boma imayang'ana mphunzitsi ndi mabuku omwe ilinawo, ndipo ambiri anazolowera BK. Kumene RME ikuphunzitsidwa, mutu wa chipembedzo cha makolo umathamangidwa, poti mphunzitsi amene ndi mkulu wa mpingo sakhala womasuka kufotokoza za mizimu kapena nsembe yopempha mvula. Nayenso wophunzira wosamuka sukulu ali Fomu 3 akhoza kupeza phunziro lina, n'kuyambiranso silabasi mayeso a MSCE ali pafupi.