Zimene ndimaona m'dontho limodzi la madzi a Mudi

Ana asukulu akabwera kudzationa ku labotale, sindithamangira kuwaonetsa magazi kapena chimbudzi. Ndimatunga madzi pachithaphwi cha m'mbali mwa mtsinje wa Mudi, obiriwira ndi ndere aja, n'kudontheza dontho limodzi pakagalasi. Woyamba kusuzumira pa maikulosikopu amati zii kaye, kenako n'kufuula kuti, "Akulu, chikuyenda!"

Kawirikawiri kamene kakuyendako ndi Paramecium. Kaumbidwe kake kali ngati patapata, ndipo tinayi kapena tisanu titandondozana ndi pamene tingakwane milimita imodzi. Thupi lonse ndi selo imodzi basi, koma lakutidwa ndi tiubweya timene timapalasa madzi motsatizana, monga udzu umaweyukira mphepo ikamadutsa pa dambo. Kakagunda chinthu kamabwerera chambuyo, kutembenuka pang'ono, n'kuyesa njira ina. Tiubweya tomweto ndi timene timakokera mabakiteriya kukamwa kwake. Pambali pake mumapezeka Vorticella, kooneka ngati belu lomangidwa pa ulusi, kamene mukangogogoda tebulo kamadzikhwinyata nthawi yomweyo. Ndaona zimenezi kwa zaka zambiri koma mpaka lero sinditopa nazo.

Tamoyo taubweyati tili m'gulu lotchedwa Ciliophora, limene mitundu yake yodziwika ilipo masauzande. Gululi ndi nthambi imodzi chabe ya maprotisiti, tamoyo timene si tinyama, si zomera, si nkhungu, komanso si mabakiteriya. Munthu woyamba kutifotokoza anali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft, amene mu 1674 anayang'ana madzi a m'nyanja ina ya kwawo pagalasi losula yekha.

Chimene chimandipweteka mtima n'choti ife tonse tinaphunzira mawu amodzi okha akuti majeremusi, ndiye chilichonse chosaoneka ndi maso timachiyesa mdani. Zoona zake n'zakuti ambiri mwa maprotisiti amatigwirira ntchito. Kumalo oyeretsera zonyansa za m'masuweji, taubweyati timadya mabakiteriya ochuluka zedi, ndipo katswiri akayang'ana mitundu imene ilimo amadziwa ngati kuyeretsako kukuyenda bwino. Ng'ombe ndi mbuzi zimene mumaziona zikubzikula zili ndi taubweya m'chifu, tokwana masauzande ambiri m'kadontho kamodzi, timene timathandiza kugaya udzu. Ku Nyanja ya Malawi, tindere ta selo imodzi toyandama pamadzi timadyedwa ndi tinkhanu tating'onoting'ono, tinkhanuto n'kudyedwa ndi usipa. Usipa wa mumsika wa Limbe uja chiyambi chake ndi chimenecho.

Adani alipo ndithu, ndipo ndi bwino kuwadziwa mayina.

Mwa taubweya tonse, kamodzi kokha ndi kamene kamadziwika kuti kamadwalitsa munthu: Balantidium coli. Kwawo kwenikweni ndi m'matumbo a nkhumba, ndipo nkhumbayo nthawi zambiri siidwala nako. Kakamatuluka ndi ndowe kamadzikutira m'kachigoba kolimba, mvula n'kukakokololera kuchitsime kapena kudimba la masamba. Anthu ambiri akakameza samva kanthu, koma ena kamawaboola zilonda m'matumbo aakulu n'kuyambitsa kamwazi. Mankhwala ake alipo kuchipatala. Inu oweta nkhumba ku Chigumula, Lunzu kapena Machinjiri, yang'anani kumene madzi ochokera kukhola amalowera. Khola lisakhale kumtunda kwa chitsime. Oweta nsomba nawonso ali ndi kawo, Ichthyophthirius, kamene kamabweretsa timadontho toyera pakhungu la nsomba ngati mwaiwaza mchere. Nsomba zikathithikana m'damu, kamatha kupululutsa zambiri m'masiku ochepa.

Abale ena a m'banja la maprotisitili alibe ubweya koma timawadziwa bwino chifukwa cha maliro. Malungo amayamba ndi Plasmodium, kamene dokotala Alphonse Laveran anakaona m'magazi a wodwala ku Algeria mu 1880. Kuno kwathu mtundu umene wafala ndi falciparum, woopsa kuposa yonse. Mwina simudziwa kuti dzina la mzinda wathu limatchulidwa m'zipatala za maiko ambiri chifukwa cha matendawa. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a muubongo imatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo anaikonza ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo kuchipatala cha Queens, n'kuifalitsa mu 1989. Malawi ndi dziko limene linayambanso kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana mu April 2019. Kaodzera wa m'madera ozungulira nkhalango za Vwaza, Nkhotakota ndi Kasungu amabwera ndi Trypanosoma, kofalitsidwa ndi kashembe.

Amene ndimakumana nawo kwambiri pogwira ntchito ndi a m'mimba: Giardia, Entamoeba histolytica ndi Cryptosporidium. Onsewa njira yawo ndi imodzi, kuchoka m'chimbudzi kupita m'kamwa kudzera m'madzi, m'manja kapena pamasamba osatsuka. Pano ndikufuna mundimvetse bwino. Klorini, kaya ndi WaterGuard kapena uja amagawa alangizi a zaumoyo, amapha bakiteriya wa kolera, ndipo musasiye kuthira. Koma zigoba za maprotisiti n'zolimba. Giardia amachedwa kufa, ndipo Cryptosporidium klorini wa mulingo wapakhomo samukhudza n'komwe. Kameneka kamazunza kwambiri makanda ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika.

Mayi wina anandidandaulirapo kuti amathira mankhwala m'ndowa tsiku lililonse, koma mwana wake sakusiya kutsegula m'mimba. Titayeza chimbudzi cha mwanayo tinapeza zigoba za Giardia. Mipopi ikauma, banjalo limatunga pachitsime chosatetezedwa cha kumunsi kwa zimbudzi zokumba. Ndikudziwa kuti makala adula, ndipo sindinawauze kuti aziwiritsa madzi a banja lonse. Tinagwirizana kuti madzi a pachitsimepo aziyamba awasefa pansalu yoyera, a mwanayo aziwabwatitsa kwa mphindi imodzi yathunthu pamoto womwewo akaphula nsima, n'kuwasunga m'chigubu chakechake chotseka pakamwa, chosaviikamo kapu.