Liwiro la ndalama za pafoni ndi zimene latichotsera

Airtel itayamba ntchito yotumiza ndalama pafoni m'dziko muno mu 2012, ndipo TNM itatsatira ndi Mpamba mu 2013, ambiri ankaiona njirayi ngati yothandiza pa mavuto adzidzidzi okha, monga mwana akadwala kumudzi tsiku limene kulibe basi yopita kumeneko. Lero ndi njira yomweyi imene timagulira mayunitsi a magetsi a ESCOM, kulipira madzi, fizi ndi chakhumi, kuoda katundu ku Limbe tili ku Mchinji, ndiponso kusonkha chipepeso pa maliro. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo pafupifupi aliyense amene amandibweretsera mabuku ake masiku ano amabweretsanso foni, chifukwa gawo lalikulu la malonda ake linadutsa mmenemo. Ubwino wa njirayi sufuna kufotokoza, aliyense akuuona. Chimene sichikambidwa kawirikawiri n'chakuti kuchedwa kwa njira zakale kunali ndi ntchito imene kunkagwira, ndipo ntchito imeneyo tsopano yatsala m'manja mwa mwini foni.

Taganizirani mmene ndalama zinkayendera kale. Amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi, ankatumiza ndalama zimene zinkatenga milungu kuti zifike, ndipo zikafika wolandira ankayenda ulendo wa ku boma kukasaina. Wogwira ntchito m'tauni ankagula oda ya ku positi, kapena ankapatsira kondakitala wa basi kapena wachibale wopita kumudzi. Njira zonsezi zinali zovuta ndipo nthawi zina ndalama zinkasowera m'njira, koma zinali ndi zinthu zitatu zimene sitinkaziwerengera: panali nthawi yoganiza pakati pa kupempha ndi kupereka, panali munthu wina amene waona, ndiponso kawirikawiri pankatsala pepala. Munthu amene wapemphedwa ndalama Lolemba ankadziwa kuti sangathe kuzitumiza Loweruka lisanafike, ndipo m'masiku amenewo ankafunsa, ankakambirana ndi mkazi wake kapena mwamuna wake, mwinanso ankazindikira kuti nkhaniyo si mmene anaimvera. Pafoni zonsezi zimatha m'mphindi imodzi, munthu ali yekha, mwinanso ali pabedi usiku.

Kuti timvetse bwino, ndi bwino kudziwa chimene chimachitika tikaimba *211# kapena *444#. Manambala amenewa sadalira intaneti, n'chifukwa chake foni ya mabatani imagwira ntchitoyi mofanana ndi foni yodula. Ndalama zimene mumaziona pafoni si ndalama zapepala zimene zasungidwa mu kakhadi kanu, koma ndi chiwerengero chimene chalembedwa m'makompyuta a kampani pa dzina lanu. Malamulo amene banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi imayang'anira amafuna kuti ndalama zonse za pafoni zikhale ndi ndalama zenizeni zofanana nazo zimene zasungidwa ku banki, mu akaunti yapadera imene kampani siloledwa kutapamo pa ntchito zake. Mukapereka K20,000 kwa ejenti, iye amasamutsa chiwerengero chomwecho kuchoka pa nambala yake kupita pa yanu. N'chifukwa chake ejenti amatha kukuuzani kuti alibe floti ngakhale mukuona kuti m'dirowa muli ndalama: ndalama zapepala ali nazo, koma za pafoni zamuthera. Kumudzi, makamaka nthawi yogulitsa mbewu kapena kumapeto kwa mwezi, vuto limatembenuka, chifukwa onse akufuna kutapa ndipo ejenti amatsala ndi chiwerengero chochuluka pafoni koma m'manja mulibe kanthu, kufikira atayenda ulendo wa ku banki. Mfundo yofunika kwa wogwiritsa ntchito ndi yakuti chimene chimatsimikiza kuti ndalama zalowa ndi chiwerengero cha m'makompyuta a kampani, osati uthenga umene wabwera pafoni. Uthenga ndi wongokudziwitsani, ndipo munthu wina aliyense angathe kulemba wofanana nawo.

Kwa wochita geni, kusintha kwakukulu kwachitika pa malo ogulitsira. Mayi wogulitsa kaunjika amene kale ankadikira tsiku la msika tsopano amajambula zovala atangotsegula belo, n'kuziika pa status ya WhatsApp, ndipo dzuwa lisanalowe zabwinozabwino zimakhala zitatengedwa ndi anthu amene sanafike n'komwe pamalopo. Wakabaza amene nambala yake ili m'mafoni a makasitomala khumi odalirika sadikiranso pasiteji tsiku lonse. Telala, wometa, mmisiri wa matabwa ndi wophika makeke onse apeza makasitomala kunja kwa dera lawo popanda kulipira lendi ya shopu. Zimenezi n'zoona ndipo n'zabwino. Koma ndikakhala pansi ndi anthu amenewa kuti tiwerengere phindu, vuto limene limabwera mobwerezabwereza ndi limodzi: nambala imene amalandirira ndalama za malonda ndi yomweyo imene amagulira ndiwo, bandulo ndi mayunitsi, ndiponso ndi yomweyo imene achibale amaidziwa.

Kale ndalama za malonda zinkakhala m'chitini kapena m'thumba lakelake, ndipo kutapamo kunkaoneka ndi maso. Pafoni ndalama ya mpamba wa bizinesi, ya phindu ndi imene mlamu wanu watumiza kuti mumugulire simenti zimasanduka chiwerengero chimodzi. Munthu akaona K300,000 amamva kuti ali ndi ndalama, pamene mwina K250,000 mwa zimenezo ndi zokaodera katundu wina. Bizinesi yotere sigwa tsiku limodzi. Imachepa pang'onopang'ono, oda iliyonse n'kumakhala yaing'ono kuposa yapitayo, ndipo mwini wake amaloza chala kukwera mitengo kwa zinthu. Kukwera mitengoko kulipo ndithu, ndipo amene amaoda katundu kunja sanaiwale mmene Kwacha inachepetsedwera mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma nthawi yotereyi ndi imene kusokoneza mpamba ndi ndalama za pakhomo kumapweteka kwambiri, chifukwa mpamba umafunika kukula kuti ugule katundu yemwe uja.

Palinso ndalama zimene zimadulidwa potumiza ndi potapa. Pa ulendo umodzi zimaoneka zochepa moti munthu sazilemba. Tiyerekeze kuti wogulitsa amapindula K1,000 pa chovala chilichonse, ndipo amatapa ndalama nthawi iliyonse kasitomala akalipira; ngati potapa padulidwa K300, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a phindu lapita, ngakhale kuti iye m'maganizo mwake akuwerengerabe K1,000. Kutapa kamodzi ndalama zambiri, kapena kulipira woodetsa katundu pafoni pomwepo osatapa n'komwe, kumachepetsa kutayika kumeneku. Langizo limene ndimapereka ndi losasangalatsa koma limagwira ntchito: bizinesi ikhale ndi nambala yakeyake, mwini adzilipire malipiro odziwika pa sabata kapena pa mwezi powasamutsira ku nambala ya pakhomo, ndipo kope lisatayidwe. Mauthenga a pafoni amanena kuchuluka kwa ndalama ndi nambala imene yalandira, koma sanena chifukwa chake, ndipo pakatha miyezi itatu palibe amene amakumbukira kuti K15,000 ya pa 4 Juni inali ya thiransipoti kapena ya kuchipatala.

Nkhani ya achibale ndi yovutirapo kuikamba, chifukwa kuthandizana ndi kumene kwasunga mabanja athu, ndipo foni yapulumutsa miyoyo pamene ndalama ya mankhwala kapena ya galimoto yopita kuchipatala yafika m'mphindi zochepa kuchokera ku Lilongwe kapena ku Johannesburg kudzera m'makampani monga Mukuru. Komabe mtunda unali chifukwa chomveka chokanira kapena chochedwetsera, ndipo chifukwa chimenecho chatha. Wopempha amadziwa kuti ejenti ali pafupi, amaona kuti uthenga wake wawerengedwa, ndipo m'gulu la WhatsApp la banja kapena la tchalitchi mayina a amene asonkha amalembedwa poyera pamodzi ndi ndalama zimene aliyense wapereka. Munthu amapereka chifukwa cha manyazi ndalama imene si yake kwenikweni. Amene amakwanitsa kupirira ndi amene anadziikira okha kuchedwa kumene foni inachotsa: amapatula ndalama yothandizira abale mwezi ukamayamba, ndipo pa pempho lililonse limene si la matenda kapena maliro amayankha kuti aona mawa. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mapempho ambiri akagona usiku umodzi amaoneka kukula kwake kwenikweni.

Ngongole za pafoni ndi juga zimadalira liwiro lomweli. Ku banki m'khonde wobwereka amaima pamaso pa anzake n'kunena chimene akufuna kuchita ndi ndalamazo, ndipo ngakhale wakatapila amafuna kuti muyende kukamupeza. Ngongole ya pafoni ilibe wokufunsani, ndipo chiwongoladzanja chimene chimaoneka chochepa pa masiku owerengeka chimakhala chachikulu mukachiwerengera pa chaka. Masewera a kandege ndi kubetcha mpira amalumikizidwa ku nambala yomweyo imene muli ndalama ya fizi, moti palibe khomo limene munthu amatulukira kapena kulowera kuti adzifunse.

Akuba nawo anaphunzira kuti chida chawo chachikulu ndi kufulumizitsa munthu. Njira zawo zimasintha maonekedwe koma mkati n'zofanana. Wina amatumiza uthenga wooneka ngati wa kampani wonena kuti mwalandira ndalama, kenako n'kuimba akudandaula kuti watumiza molakwika ndipo mumubwezere msanga chifukwa ali ndi wodwala. Wina amadzitcha wogwira ntchito kukampani ya foni n'kunena kuti nambala yanu itsekedwa lero ngati simutsatira zimene akuuzeni. Wina amati mwasankhidwa kulandira thandizo la bungwe kapena mwapeza ntchito, koma mutumize kaye ya fomu. Pa WhatsApp amakupemphani kuti muwatumizire manambala asanu ndi limodzi amene abwera pafoni panu, ndipo mukatero amalanda akaunti yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa abale ndi makasitomala anu m'dzina lanu. Boma linalemba nzika m'kaundula wa ziphaso za unzika mu 2017, ndipo mu 2018 bungwe la MACRA, limene limayang'anira makampani a mafoni, linakhwimitsa lamulo lakuti nambala iliyonse ilembetsedwe, koma zimenezi sizinathetse umbavawu, chifukwa akuba amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Ichi n'chifukwa chokwanira chosalolera kulembetsera mnzanu nambala pa chiphaso chanu, ngakhale atakhala wodziwana naye, popeza mlandu ukabuka dzina limene lidzapezeke ndi lanu.

Pa njira zonsezi chitetezo ndi chimodzimodzi. Dulani foni, fufuzani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu poimba nambala ya kampani imene mumaidziwa kale, ndipo ngati wopempha akuti ndi wachibale, muimbireni pa nambala yake yakale kuti mumve mawu ake. Ngati munthu watumizadi ndalama molakwika, kampani ili ndi njira yake yobwezera, ndipo si udindo wanu kutumiza ndalama kwa mlendo. Wogwira ntchito weniweni wa kampani kapena wa banki safunsa nambala yanu yachinsinsi. Nambala yachinsinsiyo isakhale chaka chanu chobadwa, chimene chalembedwa pa chiphaso chimene mumapereka kwa ejenti, ndipo chizolowezi chopatsa ejenti kapena mdzukulu foni kuti alembe yekha nambalayo n'chimene chasaukitsa okalamba ambiri. Pa WhatsApp pali malo oikira nambala yachinsinsi yachiwiri, ndipo wamalonda aliyense amene makasitomala ake ali mmenemo ayenera kuiika lero.

Pepala lija, limene njira zakale zinkasiya, lingathe kubwezeretsedwa pafoni pomwepo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza kuti uthenga ndi zolembedwa za pakompyuta kapena pafoni zingakhale umboni, choncho mgwirizano wa pa WhatsApp si nkhambakamwa. Vuto ndi mmene timaupangira. Ambiri amagwirizana za ngongole, za oda kapena za ganyu pa uthenga wa mawu, wodzaza ndi malonje, umene sutchula tsiku lobweza kapena mtengo wotsiriza, ndipo ena amayatsa mauthenga ofufutika okha osadziwa kuti akufufuta umboni wawo. Mukamaliza kukambirana, lembani uthenga umodzi waufupi wotchula dzina la munthu, katundu kapena ntchito, ndalama zonse, zimene zaperekedwa kale ndi tsiku lomaliza, ndipo mupempheni ayankhe kuti wavomera. Chithunzi cha uthenga wa malipiro chimene kasitomala watumiza musachitenge ngati risiti, chifukwa chimasinthika mosavuta. Katundu atuluke pokhapokha mwaona ndalama mu akaunti yanu. Sungani nambala ya malipiro imene imabwera mu uthenga wa kampani, pakuti ndi imene amafunsa mukapita kukadandaula, ndipo kamodzi pa mwezi pemphani sitetimenti ya akaunti yanu kuti muiyerekeze ndi zimene munalemba m'kope.