Batire la boti likamangofa, muyambe mwayeza musanagule lina

Mvula ikayamba mu Okutobala, eni maboti n'kuyamba kuwakokera ku Vaal Dam ndi ku Hartbeespoort Dam, foni yanga siipuma. Ambiri oimba ndi abale athu osamalira nyumba za mabwana muno mu Johannesburg, amene boti limakhala m'manja mwawo chaka chonse. Dandaulo ndi lomwelomwelo: batire tagula mwezi wathawu, lero injini yakana kulira. Zimandipweteka mtima chifukwa mlandu umagwera iwo, pomwe pa boti lakale batire limakhala kuti laphedwa ndi chinthu china. Mukagula lina chinthucho musanachipeze, nalonso lifa.

Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi, ngakhale yotchipa. Chotsani mawaya pa batire, ligone usiku, mmawa muliyeze. Lodzaza limaonetsa 12.6 volts kapena kupitirira pang'ono, 12.2 ndi theka, ndipo pansi pa 12 ndiye kuti laphwa. Batire losiyidwa lophwa kuyambira Juni mpaka nyengo yozizira kutha limauma mapuleti ndi sulphate, moti silisunganso moto ngakhale mulitchaje tsiku lonse.

Kenako bwezerani mawaya, mulize injini. Ngati boti lili pa ngolo, lumikizani kaye paipi ya madzi ku injini, apo ayi impeller (kachipangizo ka labala kopopa madzi oziziritsa injini) ipsa nthawi yomweyo. Pondani pang'ono, muyezenso. Muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.4. Nambala ikapanda kusuntha, injini sikutchaja. Pa outboard, injini yopachika kumbuyo kwa boti, moto umapangidwa ndi stator (makoyilo a waya) pansi pa flywheel (gudumu lozungulira pamwamba pa injini) n'kudutsa mu rectifier (kabokosi kosandutsa motowo kukhala wotchajira batire), ndipo kawirikawiri chimafa ndi rectifier. Pa injini ya mkati mwa boti yambani ndi lamba wa alternator, chipangizo chotchaja batire. Nambala ikadutsa 15, batire likuwiritsidwa ndipo madzi ake akutha. Chizolowezi chozula waya wa batire injini ikulira, ati kuona ngati ikutchaja, chonde chilekeni. N'chimene chimapsereza rectifier.

Povuta kwenikweni ndi pamene zonsezi zili bwino koma batire likuphwabe boti lili chiimire. Tsegulani zivundikiro fungo la petulo lituluke, zimitsani chilichonse, muzule waya wa negative. Ikani mita pa 10A, poyezera ma amp (kuchuluka kwa moto umene ukuyenda), nsonga imodzi pamutu wa negative wa batire, ina pa waya mwazulayo, ndipo musayerekeze kuliza injini mita ili chonchi. Pa boti lakale nambala iyenera kukhala pafupi ndi ziro. Ikaonetsa 0.5, muwerengere nokha: 0.5 kuchulukitsa ndi maola 24 ndi 12 Ah (muyezo wa moto umene batire limasunga) pa tsiku, ndiye batire la 60 Ah silifika sabata. Zulani mafyuzi limodzilimodzi mpaka nambala itagwa. Mafyuzi onse akatha koma moto ukupitabe, chotsani waya wofiira wa rectifier, pakuti diode ya mu rectifier (kachipangizo kolola moto kupita mbali imodzi yokha) ikafa imalola moto kubwerera m'mbuyo usiku wonse.

Boti lina ku Benoni, kufupi ndi Johannesburg, linandivuta masiku angapo. Mita imati palibe chikudya moto, koma sabata ikatha batire laphwa. Ndinapitanso mmawa kutagwa mvula yamabingu, ndisanafike n'komwe pa boti ndinamva kaphokoso pansi pa matabwa. Inali pampu yotulutsa madzi. Pampu imeneyi amailumikiza dala molunjika ku batire, osadutsa pa switch yaikulu, kuti izigwira ntchito mwini palibe. Maluwa a jacaranda anali atamatirira pansi pa kachoyandama kamene kamaiyatsa, moti ikayaka siimazimanso mpaka zinyalala zitauma. Tsiku louma mita sikanaona kanthu.

Mawaya musawakhulupirire ndi maso okha. Kunja amaoneka abwino, koma mukasenda pulasitiki pafupi ndi mutu mumapeza kopa wada kapena wabiriwira, akuyoyoka m'zala. Waya wotero amatentha poliza injini ndipo amaletsa batire kudzaza. Dulani mpaka mufike pa kopa wowala, kapena musinthe yense.

Mnyamata wosamalira boti la ku Benoni lija tinatsuka naye pansi pa boti, tinazula pulagi ya kumbuyo yotulutsira madzi ndi kukweza mutu wa ngolo kuti mvula izituluka yokha. Pulagiyo tinaimangirira pa chiwongolero ndi chingwe, kuti aliyense wokhala pampando aione boti lisanalowe m'madzi.