Kashembe: Kumuzindikira ndi Kudziwa Komwe Amakhala

Kashembe ndi ntchentche yoyamwa magazi yomwe imapezeka mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo ndi amene amafalitsa matenda a kaodzera. Si kashembe aliyense amene ali ndi tizilombo ta matendawa, koma poyang'ana ndi maso simungasiyanitse, choncho aliyense ndi wofunika kumupewa.

Ndi wotuwa mofiirira, wokulirapo pang'ono kuposa ntchentche ya m'nyumba. Muyang'anitsitseni akatera. Mapiko ake amasanjikizana pamsana, lina pamwamba pa linzake, ngati sizasi yotseka, pomwe a ntchentche wamba amakhala otayana. Kumutu ali ndi kamlomo kosongoka koloza kutsogolo. Amaluma masana, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ndipo akakulumani mumamva kuwawa nthawi yomweyo. Ngakhale pa malaya opyapyala amaboola.

Amakonda tchire la mitengo yambiri, zitsamba zowirira za m'mbali mwa mitsinje, komanso malo okhala nyama zakutchire monga nguluwe ndi njati. Dzuwa likaswa mtengo amabisala pa makungwa ndi kunsi kwa nthambi. Wamkazi saikira mazira. Amabereka mphutsi imodzi pakapita masiku pafupifupi 10, mphutsiyo n'kulowa m'dothi lofewa la pamthunzi. N'chifukwa chake kashembe sakhalitsa pamalo opanda mitengo. Ku Malawi amadziwika m'madera ozungulira nkhalango za Nkhotakota, Vwaza ndi Kasungu, ndipo ku Zambia ali m'chigwa cha Luangwa.

Kaodzera wa kum'mawa ndi kumwera kwa Africa amakula msanga, m'masabata kapena miyezi yochepa chabe. Pamalo polumidwa pamatha kutuluka chotupa chowawa, kenako thupi limatentha, mutu ndi mfundo zimawawa. Apa ndi pamene ambiri amasokera, poganiza kuti ndi malungo. Tizilombo tikafika ku ubongo, munthu amasokonezeka, amagona masana n'kumachezera usiku, ndipo akapanda kulandira mankhwala amamwalira.

Mukatentha thupi mutayenda m'malo otere, pitani kuchipatala ndipo muwauze adokotala komwe munali, makamaka ngati malungo sanapezeke kapena mankhwala ake sakuthandiza. Mankhwala a kaodzera alipo.

Polowa m'tchire valani zokhuthala zamanja aatali, zooneka ngati khaki. Pewani zakuda ndi zabuluu chifukwa zimakopa kashembe. Amatsatanso galimoto ikamayenda, choncho tsekani mawindo. Nsalu zabuluu ndi zakuda zomwe amazimangirira m'mbali mwa nkhalango ndi misampha ya kashembe ndipo zina zimakhala zopaka mankhwala, chonde musazichotse.