Tambala Akalira: Uthenga wa Zaumoyo pa Zoyenera Kuchita M'mawa

Kuno ku Kasungu palibe amene angatiphunzitse kulawirira. Mlimi wa kwa Santhe amakhala atagwira kale khasu dzuwa lisanatuluke, wakabaza wa pa Boma wayamba kale kusaka makasitomala pa depoti, mayi wa kwa Wimbe ali pamzere kumjigo kusanayere bwino. Kudzuka timadzuka ndithu. Vuto ndi loti mu ola loyambalo timasamala munda, ziweto, ana ndi geni, thupi lathu n'kulisiya kumapeto. Mankhwala a BP amakumbukika munthu ali pakati pa mizere, phala limadumphidwa, madzi akumwa ndi omwe aja a dzana osathira kanthu.

Uthengawu ndi wa zinthu zochepa zoti muzichita m'mawa uliwonse, komanso momwe mungazikhazikitsire kuti zisamadalire kuti lero mwadzuka ndi mtima wotani.

Chifukwa chake "ndiyamba mawa" sizitheka

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti magazi akuthamanga kwambiri amatuluka atalumbira: mchere basi, mowa basi, mankhwala tsiku lililonse. Ikatha sabata zonse zabwerera mwakale. Si ulesi ayi. Mantha ndi chidwi zili ngati moto wa mapesi, suchedwa kuyaka, suchedwanso kuzima. Chimene chimakhalitsa ndi chizolowezi, chinthu chimene manja amachita okha mutu usanaganize.

Chizolowezi chimatenga nthawi kuti chimere. Ofufuza a ku University College London mu 2009 anatsatira anthu amene ankayesa kuzolowera chinthu chimodzi chatsopano tsiku lililonse. Anapeza kuti pakatikati pamatenga masiku 66, ena masiku 18 okha, ena mpaka 254. Anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikugwetsa zonse. Ndiye ngati dzulo munali kumaliro, mwagona pasiwa, zonse zasokonekera, musati zalephereka. Pitirizani lero.

Njira yake ndi yomangirira chatsopano pa chimene mumachita kale. Palibe amene amaiwala kusukusula, kupita kuchimbudzi kapena kusonkha moto. Choncho m'malo monena kuti "ndizimwa mankhwala m'mawa", nenani kuti "ndikangosukusula, ndimwa mankhwala". M'malo moti "tizimwa madzi abwino", nenani kuti "ndikangotula ndowa, ndithira klorini ndisanakhale pansi". Yambani ndi chimodzi. Chikakhazikika onjezani china. Zisanu nthawi imodzi ndi mtolo woti mudzautaya panjira.

M'mawa umakonzedwa madzulo

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo, achinyamata a zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, ndipo ana a kupulayimale maola 9 mpaka 12. Werengani chobwerera. Ngati mudzuka 4 koloko kukathirira kudimba, 9 koloko izikupezani muli m'neti. Mwana wa Fomu 4 amene akuwerenga mpaka pakati pa usiku n'kudzukanso 3 koloko akudzibera yekha, chifukwa zimene wawerenga zimakhazikika m'mutu ali mtulo.

Zolanda tulo masiku ano tikuzidziwa: foni, WhatsApp ndi Facebook pabedi, tiyi wamphamvu madzulo, ndi mowa. Kachasu amagonetsa msanga koma tulo take ndi toduladula, munthu amadzuka ngati wamenyedwa. M'miyezi yozizira ya June ndi July musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mpweya wake sununkha, suoneka, koma umapha anthu ali mtulo. Mukadzuka banja lonse mutu ukuwawa, muli ndi nseru, mbaula ili m'nyumba, tulukani panja msanga ndipo pitani kuchipatala.

Musanagone ikani pamalo pake zimene mudzafune: madzi ndi sopo pa mpondagiya, ufa ndi nsinjiro za phala, nkhuni zouma, yunifolomu ya ana.

Mukadzuka musadzambatuke. Khalani kaye pamphepete pa bedi kapena pamphasa kwa mphindi imodzi, makamaka agogo, amayi oyembekezera ndi onse akumwa mankhwala a BP, chifukwa chizungulire cha m'mawa chagwetsa ambiri. Pindirani neti m'mwamba, muione ngati yabooka. Tsegulani mawindo, tulukani panja. Kuwala kwa m'mawa ndi kumene kumauza thupi kuti kwacha, ndipo munthu wodzuka nthawi yofanana tsiku ndi tsiku amapezanso tulo mosavuta usiku.

Manja, nkhope ndi madzi

Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno, oposa 1,700 anamwalira. Kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba amadutsa njira yaifupi kwambiri: chimbudzi, dzanja, kapu, kamwa. M'mawa ndi pamene njira imeneyi imayendedwa kwambiri, poti aliyense akuchokera kuchimbudzi, mwana akusinthidwa thewera, chakudya chikukonzedwa.

Sambani m'manja ndi sopo pamadzi oyenda kwa masekondi 20, osati m'beseni limodzi banja lonse. Madzi akumwa athireni klorini kapena WaterGuard potsatira muyezo umene alangizi a zaumoyo anakuuzani, dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati mulibe, awiritseni mpaka abwate. Madzi a pamjigo amatha kutuluka abwino n'kuipira panjira kapena mumtsuko, ndiye vundikirani, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera.

Ana asukusuleni ndi madzi oyera, manthongo ndi mamina zisakhalire, chifukwa ntchentche zimatsata zimenezo n'kufalitsa matenda a maso. Mu 2022 bungwe la World Health Organization linatsimikiza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, matenda a maso amene ankachititsa anthu khungu, ndipo kusukusula ana inali imodzi mwa njira zake. Mano atsukidwe kwa mphindi ziwiri, m'mawa ndi pogona.

Mankhwala a tsiku ndi tsiku

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene timataya anthu ambiri amene akanakhala ndi moyo.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi, mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa n'komwe. BP ya 140/90 kapena kuposa, ikapezeka mobwereza, ndi yokwera. Munthu samva kuwawa. Ndiye chifukwa chake bambo amamwa mankhwala mwezi umodzi, n'kumva bwino, n'kusiya, botolo n'kukhala pawindo likuchita fumbi. Dziwaninso kuti magazi amathamanga kwambiri maola oyamba munthu akangodzuka, ndipo sitiroko ndi matenda a mtima zimakonda kugwira nthawi imeneyi.

Mankhwala a BP aja okodzetsa, monga hydrochlorothiazide, amamwedwa m'mawa kuti musamadzukedzuke usiku. Metformin wa shuga amamwedwa ndi chakudya kuti asavute m'mimba. Amene mumamwa glibenclamide kapena kubaya insulin, musapite kumunda kapena kupalasa njinga musanadye. Shuga akatsika munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva njala yoopsa, maso amachita mdima, mwinanso kukomoka. Yendani ndi masiwiti kapena shuga pang'ono m'thumba, ndipo amene mumagwira nawo ntchito adziwe.

Ma ARV amene ambiri akumwa kuyambira 2019, a piritsi limodzi patsiku okhala ndi dolutegravir, ambiri amalangizidwa kumwa m'mawa chifukwa ena amawasowetsa tulo. Ngati mukumwanso mapiritsi owonjezera magazi kapena a chilungulira, auzeni adokotala akufotokozereni kamwedwe kake, chifukwa amatha kuchepetsa mphamvu ya ma ARV. Mapiritsi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo asamwere tiyi, poti tiyi amalepheretsa ayironi kulowa bwino m'thupi.

Sungani mankhwala m'botolo lake, pouma, posafika dzuwa, posafikira ana, koma poti maso anu aziwaona mukamachita chija mwamangirirapo. Mayi wina amasunga ake m'chitini chotseka pashelefu ya pamwamba, pafupi ndi machesi. Sangasonkhe moto osaona chitinicho. Alamu ya pafoni imathandiza, koma foni imatha moto, machesi satha kuiwalika. Mukaiwala kumwa musamwe awiri pakamodzi pofuna kubweza. Funsani kuchipatala choti muchite pa mtundu wa mankhwala anuwo. Mukamapita ku okushoni ku Chinkhoma kapena kumaliro kutali, mankhwala alowe m'chikwama ndalama zisanalowe.

Kadzutsa

Tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi awiri amakhutitsa ola limodzi, kenako njala ndi ulesi. Boma lino ndi la mtedza ndi soya, ndiye kadzutsa wabwino tili naye kale m'nkhokwe: phala la mgaiwa lotendera nsinjiro kapena losakaniza ufa wa soya, futali, mbatata yofiira m'kati imene ili ndi vitamini A, dzungu, nthochi, dzira likapezeka. A zaumoyo timaphunzitsa magulu 6 a zakudya patsiku, ndipo phala la mgaiwa lotendera ndi nthochi imodzi mwapeza kale atatu 7 koloko isanakwane. Mkute wa dzulo utenthetsedwe mpaka utuluke nthunzi. Mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi.

Mwana asapite kusukulu chosadya, ngakhale kusukuluko kukhale kophika phala. Amayenda mtunda m'mawa, ndipo wanjala samva aphunzitsi. M'miyezi ya njala ya January ndi February chilichonse chimene chilipo chiyambire kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi amene akumwa mankhwala.

Fodya ndi mame

Ichi ndi chathuchathu cha kuno. Nyengo yothyola fodya anthu amalowa m'munda m'mamawa masamba ali chinyowere ndi mame kapena mvula ya usiku. Nikotini wa m'masamba amasungunuka m'madziwo n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Taonani wothyola akutuluka mumzere: masamba wawapanira m'khwapa, malaya anyowa pachifuwa ponse, manja akuda ndi ulimbo wa fodya. Pakatha maola ochepa mutu ukuwawa, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka. Iye akuti ndi malungo, kapena akuti wadzuka moipa. Munthu woti sanasutepo ndudu chibadwire, koma thupi lake ladzaza nikotini.

Ngati n'kotheka yambani ndi ntchito zina, kumanga zigafa kapena kupalira, fodya mukathyole mame atauma. Ngati sizingatheke valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, pamwamba pake chovala cha pulasitiki, ngakhale jumbo yaikulu yoboola pamutu. Malaya akanyowa sinthani, sambani ndi sopo musanadye. Zizindikirozi zimatha pa tsiku limodzi kapena awiri munthu akachoka m'munda, kusamba ndi kumwa madzi ambiri, koma ngati akusanza kosalekeza, thupi latentha kapena anapopera mankhwala a mbewu posachedwa, apite kuchipatala akayezedwe.

Ana ndiwo amavulala kwambiri chifukwa matupi awo ndi aang'ono. Lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, komanso kumugwiritsa ntchito yoika moyo pachiswe wosakwana zaka 18. Kumutuma mwana kuti akathyoleko mizere iwiri asanapite kusukulu ndi kumumwetsa nikotini chakudya chamadzulo chisanagayike. Eni minda ndi matenanti, nkhaniyi ndi yanu nonse.

Kulimbitsa thupi

Wamkulu amafunika mphindi 150 pa sabata za ntchito yotulutsa thukuta pang'ono. Wolima ndi wakabaza akwanitsa kale, chawo ndi kuongola msana, kumwa madzi, ndi kupuma dzuwa likaswa mtengo, makamaka mu October ndi November. Gawo ili ndi la a m'maofesi, m'mashopu, atelala ndi madalaivala. Mphindi 30 zoyenda mwandawala masiku asanu pa sabata zakwana. Pezani mnzanu woyenda naye, chifukwa kugona n'kosavuta koma kumusiya mnzako akudikira pamphambano n'kochititsa manyazi.

Tinene chilungamo pano. Zonse talembazi, m'nyumba zambiri zimagwera munthu mmodzi. Amayi atunge, asese, asonkhe moto, aphike, asambitse ana, ndiye tiziwauzanso kuti apeze nthawi yomwa mankhwala mwadongosolo? Abambo, kuthira klorini m'ndowa, kudzaza mpondagiya ndi kusukusula mwana sikuchotsa ubambo wa munthu. Ana okulirapo nawonso apatsidwe yawoyawo.

Pamene m'mawa ukukuuzani kuti mupite kuchipatala

Munthu akadzuka kamwa itapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, mawu sakumveka, ndi sitiroko. Musadikire kuti kuche bwino, musayambe mwapita kwina. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo. Chimodzimodzi kupweteka kwa pachifuwa kotsagana ndi kubanika, mayi woyembekezera amene wadzuka nkhope ndi manja zitatupa, mutu ukuwawa kwambiri kapena maso akuchita mdima, ndi mwana amene watentha thupi, akukomoka kapena akukana kuyamwa.

Pali zina zosathamangitsa koma zofunika kukayezetsa: kudzuka wotopa tsiku lililonse ngakhale mwagona mokwanira, kukodza kambirimbiri usiku ndi ludzu losatha, thukuta la usiku ndi chifuwa chosamva mankhwala, mkonono waukulu woti munthu amachita kubanika mtulo.

Ndipo ngati kwa masabata awiri kapena kuposa simukufuna kudzuka n'komwe, zimene munkakonda sizikukusangalatsani, chakudya sichikukoma, mukungoganiza za ngongole kapena za fodya amene sanagulidwe bwino, mwinanso maganizo odzipha akubwera, umenewo si ulesi ndipo alamu sangauthetse. Ndi matenda okhumudwa, ndipo ali ndi chithandizo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo pitani naye kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kapena kuchipatala chachikulu cha pa Boma. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu angakuuzeni tsiku la kiliniki ya BP, shuga ndi matenda a maganizo. Potuluka m'nyumba musaiwale buku lanu la kuchipatala.